Thupi likakana kukhulupirira kuti zoopsa zinatha: ntchito ya katswiri wa OT kusukulu

Chitsulo cha buleki chikalira, ana ambiri amangodzambatuka n'kuthamangira panja. Koma m'kalasi momwemo mumapezeka mmodzi amene amanjenjemera ngati wagwidwa ndi magetsi, n'kukwawira pansi pa desiki. Wina ali pamzere wa phala, mnzake wangomukhudza paphewa, iye watembenuka kale ndi chibakera. Wachitatu ndi wofatsa, sasokoneza, aphunzitsi amamuyamikira kuti ndi waulemu, koma maso ake amakhala kutali ndipo funso limabwerezedwa katatu iye asanaphethire. Awiri oyambawo amatchedwa amwano. Wachitatuyo palibe amene amamudandaula, ndipo kawirikawiri ndi amene amachedwa kulandira thandizo.

Ana otere ndi amene akatswiri a occupational therapy, amene ambiri amangowatchula kuti ma OT, amagwira nawo ntchito m'masukulu. Dzinali limasocheretsa chifukwa anthu amaganiza za ntchito yolembedwa. Kwa akatswiriwa, ntchito ndi chilichonse chimene munthu amayenera kuchita pa tsiku lake. Ntchito za mwana wa sukulu ndi kukhala pansi n'kumvetsera, kulemba, kusewera ndi anzake, kudya, kupita kuchimbudzi nthawi yake, kusiya phunziro lina n'kuyamba lina. Katswiri wa OT amafunsa kuti: pa zinthu zimenezi ndi chiti chimene chikukanika, chikukanikira pati, nanga tisinthe chiyani pa mwanayo, pa ntchitoyo kapena pa malo amene akuigwirira?

Ku America ma OT anakhazikika m'masukulu a boma chifukwa cha lamulo la 1975 lokhudza maphunziro a ana olumala, limene mu 1990 linatchedwa IDEA. Ku Britain ndi ku South Africa makolo amakumana nawo sukulu kapena chipatala chikatumizako mwana. Ku Malawi akatswiriwa ndi ochepa kwambiri ndipo ambiri ali m'zipatala, choncho zambiri za pansipa zimagwera m'manja mwa aphunzitsi, makamaka amene anaphunzira za ana a zosowa zapadera ku Montfort ku Chiradzulu.

Mlonda amene sagona

Mkati mwa ubongo muli kachiwalo kakang'ono kotchedwa amygdala, kamene kamagwira ntchito ya mlonda. Kakaona choopsa kamaimba wezulo: thupi limatulutsa timadzi tolikonzekeretsa ngozi totchedwa adrenaline ndi cortisol, mtima umathamanga, mpweya umafupika, minofu imakungika. Pa nthawi imeneyo mbali yakutsogolo ya ubongo, imene imalingalira, kudikira ndi kusunga malangizo, imachepa mphamvu. Thupi limatsala ndi njira zitatu: kumenya, kuthawa, kapena kuuma. Zimenezi zimapulumutsa moyo pa ngozi yeniyeni. Vuto limabwera mwana akakhala nthawi yaitali m'nyumba ya ndewu, akagwiriridwa, akaona imfa yoopsa, akamasinthidwasinthidwa omulera, kapena akapulumuka tsoka ngati matope amene anatsika m'phiri la Soche pa namondwe Freddy mu March 2023. Mlonda uja amasiya kusiyanitsa wakuba ndi tsamba logwa. Mvula ikangoyamba kugunda pa malata, iye wayamba kale kuimba.

Dan Siegel, dokotala wa za maganizo, anafotokoza mu 1999 kuti munthu aliyense ali ndi mpata umene amatha kupirira zovuta mutu ukugwirabe. Akapitirira mpatawo m'mwamba amalusa kapena kuthawa. Akagwera pansi pake amazizira n'kukhala ngati palibepo. Mwana wovulala mumtima mpata wake ndi wopapatiza. Mnzake Bruce Perry anaika dongosolo limene ma OT ambiri amatsata: choyamba thupi likhazikike, kenako mwana amve kuti wamkulu ali naye, kukambirana za cholakwa kubwere pomaliza. Mphunzitsi amene amayamba ndi funso lakuti "N'chifukwa chiyani wamumenya mnzako?" mwana akadali wefuwefu, akulankhula ndi mbali ya ubongo imene pa nthawiyo yatseka.

Ana otere si apatalipatali. Kafukufuku wa ACE, wa zoopsa zimene anthu anakumana nazo paubwana, amene Vincent Felitti ndi Robert Anda anatsogolera ku San Diego ndipo zotsatira zake zinayamba kutuluka mu 1998, anafunsa akuluakulu oposa 17,000. Pafupifupi awiri mwa atatu alionse anati anakumanapo ndi chinthu chimodzi choopsa ali ana. Kafukufuku wa nkhanza kwa ana amene anachitika m'Malawi mu 2013 anapeza kuti anyamata pafupifupi awiri mwa atatu ndi atsikana awiri mwa asanu anachitidwapo nkhanza zomenyedwa asanafike zaka 18, ndipo mtsikana mmodzi mwa asanu anachitidwapo nkhanza zogonana. M'kalasi la ana 80 simungasowe angapo.

Mu 2014 bungwe la boma la America lotchedwa SAMHSA linalemba mfundo za kagwiridwe ka ntchito koganizira mabala a mumtima: kudziwa kuti vutoli ndi lofala, kuzindikira zizindikiro zake, kusintha kachitidwe, ndi kupewa kutsegulanso bala. Chimene ambiri amaphonya n'chakuti palibe mfundo yonena kuti mwana afukulidwe nkhani yake. Katswiri wa OT angathandize mwana chaka chathunthu osadziwa tsatanetsatane wa zimene zinamuchitikira.

Zimene thupi limamva

Apa m'pamene ma OT amasiyana ndi alangizi ena. Kuyambira pa ntchito ya A. Jean Ayres ku California m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, iwo amayang'ana mmene ubongo umalandirira uthenga wa thupi. Kuwonjezera pa kuona, kumva, kununkhiza, kulawa ndi kukhudza, pali njira zina zitatu. Yoyamba ili mkati mwa khutu, imauza munthu ngati waima chilili, wapendama kapena akuzungulira. Yachiwiri ili m'minofu ndi m'malo olumikizira mafupa, imamuuza pamene dzanja ndi mwendo zili ndi mphamvu imene akugwiritsa ntchito. Yachitatu ndi ya m'kati mwa thupi: njala, ludzu, mkodzo, kugunda kwa mtima, kutopa.

Yachitatuyi ndi imene imavuta kwambiri pa ana amene analeredwa mosasamalidwa. Mwana amene analira ndi njala nthawi zambiri popanda womuyankha amazolowera kusamvera thupi lake. Akakula amadzikodzera m'kalasi osati chifukwa cha ulesi, koma chifukwa uthenga wa chikhodzodzo umamufika mochedwa. Sadziwanso kuti mkwiyo ukubwera mpaka utafika pakhosi. Kumuuza kuti "ukakwiya uzinena" n'kumupempha chinthu chimene sanachiphunzire.

Kufufuza kusanayambe china chilichonse

Katswiri wabwino sathamangira kupereka zida. Amayamba ndi kuonerera mwanayo m'malo osachepera atatu: m'kalasi, pa buleki, ndi pa nthawi yosinthira, monga polowa m'kalasi kapena poima pamzere. Kenako amapempha mphunzitsi kuti kwa milungu iwiri azilemba mizere inayi nthawi iliyonse vuto likabuka: nthawi yake, chimene chinachitika mphindi ziwiri m'mbuyomo, chimene mwana anachita, ndi chimene akulu anachita pambuyo pake. Pepala limeneli limaulula zambiri kuposa kukumbukira. Nthawi zina zimaoneka kuti mavuto onse amagwa Lolemba ndi Lachisanu, masiku oyandikana ndi kukhala kunyumba. Nthawi zina amagwa 10 koloko isanakwane, ndiye kuti ndi njala. Nthawi zina amagwa mphunzitsi wamwamuna akaima kumbuyo kwake.

Palinso mafomu oyezera, monga Sensory Profile imene Winnie Dunn anatulutsa mu 1999, imene imasonyeza ngati mwana amafunafuna zokhudza thupi, amazipewa, zimamusokoneza msanga, kapena sazizindikira. Mafomuwa anapangidwira ana a ku America, choncho zotsatira zake zimafunika kuziyerekeza ndi zimene maso aona ndi zimene amayi ake, agogo ake kapena womulera anena.

Zinthu zina zimafanana ndi mabala a mumtima koma si zimenezo, ndipo ziyenera kuyang'anidwa kaye. Mwana amene sayankha akaitanidwa mwina khutu lake likutuluka mafinya. Amene amakana kukopera za pa bolodi mwina saona bwino. Amene amangoti duu kwa masekondi angapo n'kupitiriza ngati palibe chachitika, mwina ali ndi mtundu wa khunyu umene sugwetsa munthu pansi. Ameneyo akufunika chipatala. Kuchepa kwa magazi, kusagona, ADHD (vuto la kulephera kukhazikika ndi kuika maganizo pa chinthu chimodzi) ndi autism (vuto la kakulidwe lokhudza kulankhulana ndi kucheza ndi ena) zonse zimasintha khalidwe, ndipo mwana angakhale nazo limodzi ndi mabala a mumtima.

Chosayenera kuchita ndi kugawa mafunso a ACE kwa ana kuti aone amene ali ndi nambala yaikulu ya zoopsa zimene anakumana nazo. Robert Anda mwiniwake analemba ndi anzake mu 2020 kuti nambalayi inapangidwira kafukufuku wa gulu la anthu ndipo siyenera kugwiritsidwa ntchito poweruza munthu mmodzi.

Kalasi lonse lisinthe kaye

Ntchito ya OT kusukulu imayenda m'magawo atatu: za ana onse, za kagulu kakang'ono, ndi za mwana payekha. Gawo loyambali ndi limene limapindulitsa kwambiri, ndipo silisonyeza chala mwana aliyense.

Chachikulu ndi chakuti tsiku lizidziwika mmene liyendere. Ndondomeko ya tsiku ilembedwe kapena ijambulidwe pakona ya bolodi, ndipo phunziro likatha lizifufutidwa ana akuona. Kusintha kusanafike mphunzitsi achenjeze kawiri, kutatsala mphindi zisanu ndi kutatsala ziwiri. Kukakhala mlendo, mayeso kapena mphunzitsi wina mawa, ana auzidwe lero. Mwana amene amangocheuka nthawi zonse asaikidwe kutsogolo penipeni monga mmene chizolowezi chilili, chifukwa pamenepo anthu onse amakhala kumbuyo kwake. Malo abwino ndi m'mbali, msana uli kukhoma, pamene akuona chitseko. Pamzere akhale woyamba kapena womaliza kuti asakankhidwe mbali zonse.

Kenako pali zimene ma OT amati ntchito yolemetsa minofu: kukankha, kukoka, kunyamula. Imadzutsa njira yachiwiri ija, ya m'minofu, ndipo ana ambiri imawakhazika pansi, kaya anali olusa kaya ozizira. Poyambira pabwino ndi mphindi ziwiri kapena zitatu pakatha mphindi 30 mpaka 40 ana ali chikhalire. Akhoza kukankha khoma ndi manja onse powerenga mpaka 10, katatu. Kudzinyamula pampando ndi manja kasanu. Kukanikiza zikhato pamodzi pachifuwa. Kupondaponda motsatira nyimbo ya kugunda kosasintha. Mwana mmodzi angapatsidwe udindo wonyamula makope kupita nawo ku ofesi kapena kufufuta bolodi yonse.

Apa pali msampha umene malangizo ochokera kunja sautchula. M'masukulu athu ambiri kusesa, kunyamula ndi kukumba ndi chibalo. Mwana amene wangolusa akauzidwa kuti akanyamule mabuku, iye ndi anzake onse amaona chilango. Ndiye ntchitoyi iperekedwe vuto lisanabuke, pa nthawi yofanana tsiku lililonse, ngati udindo waulemu, ndipo ana ena azipatsidwanso yawo. Komanso mwana amene wabwera atatunga madzi maulendo atatu safunika kunyamulanso kanthu. Chimene akusowa ndi kupuma.

Pa kupuma mpweya, chofunika n'chakuti kutulutsa kutalike kuposa kukoka, chifukwa m'pamene mtima umachepetsa liwiro: kukoka powerenga mpaka 4, kutulutsa mpaka 6, maulendo asanu. Kwa ana aang'ono ndi bwino kunena kuti "tiyeni tiuzire phala lotentha". Osakakamiza kutsinzina. Kwa mwana amene zoopsa zinkamufika mumdima, kutseka maso pakati pa anthu n'koopsa, angoyang'ana pansi.

Pothawirapo, ndi chifukwa chake pamalephereka

Pakona ya kalasi pamatha kuikidwa mkeka, kansalu kofewa, kathumba ka nyemba kofinya m'manja ndi zithunzi zochepa. Mwana akamva kuti zikumukwera amaonetsa kakhadi kapena chizindikiro chimene anagwirizana ndi mphunzitsi, n'kukakhala pamenepo mphindi zisanu. Malowa amalephereka pa zifukwa zitatu zodziwika. Choyamba, mphunzitsi amayamba kutumizako ana mokalipa, ndiye pamasanduka ndende. Chachiwiri, mwana sanayesererepo ali bwinobwino. Zimafunika kuyeserera kangapo tsiku labata, kalasi lonse mosinthana. Chachitatu, palibe dongosolo lobwerera, ndiye mwana amaphunzira kuti masamu akavuta pali kothawira. Pobwerera ntchito ija imudikire, koma itachepetsedwa: masamu atatu m'malo mwa khumi. Malowa akhale poonekera kwa mphunzitsi. Kutsekera mwana m'chipinda yekha si chithandizo.

Pothandiza ana kutchula mmene akumvera, masukulu ambiri amagwiritsa ntchito Zones of Regulation, imene katswiri wa OT Leah Kuypers anatulutsa mu 2011, ya mitundu inayi: wabuluu kwa wofooka, wobiriwira kwa wokhazikika, wachikasu kwa amene zayamba kumukwera, wofiira kwa amene zamupitirira. Imawonongeka akulu akayamba kuona wobiriwira ngati khalidwe labwino ndi wofiira ngati tchimo. Ana amazindikira msanga yankho limene likufunika, ndipo wochenjera amangoloza wobiriwira mtima ukuwira. Kwa mwana amene samva za m'kati mwa thupi, mitunduyi imabwera mofulumira kwambiri. Ayambe ndi zogwirika: athamange pang'ono, aike dzanja pachifuwa, anene ngati mtima ukuthamanga kapena ukuyenda pang'onopang'ono.

Kukhudza

Pophunzitsa kulemba, chizolowezi ndi kuima kumbuyo kwa mwana, kuwerama n'kugwira dzanja lake. Kwa mwana amene anagwiriridwa kapena kumenyedwa, kaimidwe kameneka kali ndi zonse zitatu zimene amaziopa: munthu wamkulu, kumbuyo, ndi kugwidwa mosayembekezera. Katswiri amakhala pambali, pa msinkhu wa mwanayo, n'kufunsa: "Ndikugwire dzanja kuti tilembe limodzi, kapena uyambe waonera ine?" Akakana, kukanako kulemekezedwe. Kukhudza kopepuka ngati kusisita kumadzidzimutsa kuposa kugwira kokhazikika. Mwana amene amakanikiza pensulo mpaka kuboola pepala kawirikawiri vuto silikhala zala koma thupi lonse lokungika. Akankhe kaye khoma, mapazi apondetse pansi, ndipo alembe mizere itatu n'kupuma m'malo mwa tsamba lathunthu.

Pa masewera, oyambira abwino ndi amene ali ndi malamulo omveka ndi kugunda kobwerezabwereza, monga kulumpha chingwe, kuombana m'manja ndi kuimba ng'oma. Fulaye, mmene mpira umaponyedwa pa munthu, ndi masewera othamangitsana angadikire mpaka mwana atazolowera gulu.

Zikaphulika

Wamkulu ayambe wadzikhazika yekha, chifukwa mwana amawerenga nkhope ndi mawu asanamve tanthauzo. Atsitse mawu, aime chammbali patali ngati mamita awiri, manja akuoneka, asatseke khomo pokhapokha ngati kunja kuli ngozi. Achotse ana ena m'malo molimbana ndi wolusayo. Mawu akhale ochepa: "Ndili pano. Palibe akumenye." Asamukakamize kuyang'ana m'maso. Kulira kukatha thupi limatengabe nthawi, mwina theka la ola kapena kuposa, ndipo kuyamba mlandu msanga kumayatsanso moto. Pambuyo pake cholakwa chikonzedwe ndithu: atole zimene anamwaza, apepese mnzake. Kuganizira mabala a mumtima sikuchotsa malire. Chimene kumachotsa ndi chikwapu, kuchititsa manyazi pagulu, ndi kumana mwana buleki, imene ndi nthawi yokhayo thupi lake likanatulutsa mphamvu.

Zida zolemera ndi umboni wake

Mavesti ndi mabulangeti olemera amagulitsidwa kwambiri kwa makolo ndi masukulu. Chizolowezi chimati kulemera kwake kukhale 5 mpaka 10 peresenti ya thupi la mwana, kutanthauza makilogalamu 1.25 mpaka 2.5 kwa mwana wa makilogalamu 25, koma umboni woti zimathandiza ndi wofooka. Zingaphenso. Mu 2008 ku Quebec m'dziko la Canada, mnyamata wa zaka 9 anamwalira atakulungidwa m'bulangeti lolemera kusukulu. Chida chilichonse chimene mwana sangachichotse yekha, chophimba mutu, kapena chogwiritsidwa ntchito pomuletsa kuyenda, chisayandikire mwana. Kuzunguza mwana pa katungwe nakonso kumafuna katswiri: kungabweretse nseru, chizungulire ndi kulusa kumene kumaoneka patapita maola.

Mu 2012 bungwe la madokotala a ana ku America, American Academy of Pediatrics, linanena kuti umboni wa chithandizo chodzera m'zokhudza thupi ndi wochepa, n'kulangiza kuti chiziyesedwa kwa nthawi yoikika uku akuyeza zotsatira. Mu 2019 Brandy Maynard ndi anzake anasanthula kafukufuku wa masukulu oganizira mabala a mumtima m'dzina la bungwe lounika kafukufuku la Campbell Collaboration, ndipo sanapeze ngakhale mmodzi wokwanira pa muyezo wawo. Izi sizikutanthauza kuti njirazi n'zachabe. Zikutanthauza kuti mwana aliyense ayenera kukhala ndi cholinga chowerengeka. "Akhale wodekha" si cholinga. "Azikhala pa ntchito yolemba mphindi 8 m'malo mwa 3, masiku anayi pa asanu" ndi cholinga. Pakatha milungu 6 pepala la mizere inayi lija lidzazidwenso, ndipo chimene sichinasinthe kanthu chisiyidwe.

Pamene OT amalekezera

Kukankha khoma sikuchiza maloto oopsa. Mwana amene zithunzi za zimene zinachitika zimamubwerera, amene amadzivulaza kapena kulankhula za kufa, akufunika wodziwa za maganizo. Chithandizo chimene chili ndi umboni wolimba ndi TF-CBT, chithandizo cha uphungu cholimbana ndi mabala a mumtima, chimene Judith Cohen, Anthony Mannarino ndi Esther Deblinger anakonza. Chinayesedwa ku Lusaka ndi Laura Murray ndi anzake pa ana 257, operekawo ali alangizi wamba ophunzitsidwa, ndipo zotsatira za mu 2015 zinaonetsa kuti zizindikiro zinatsika ndi pafupifupi 82 peresenti, poyerekeza ndi 21 peresenti mwa ana amene analandira thandizo la masiku onse.

Chifukwa chakuti katswiri wa OT amakhala ndi mwana pa masewera ndi pa zojambula, nthawi zambiri ndi iye amene amauzidwa chinsinsi mosayembekezera. Asalonjeze kuti sauza aliyense. Anene kuti: "Wachita bwino kundiuza. Si iwe wolakwa. Ndiuza munthu amene ntchito yake ndi kukuteteza." Asafunse mafunso oika mayankho m'kamwa, monga "Ndi amalume ako, eti?", chifukwa amasokoneza umboni. Alembe mawu enieni a mwanayo, tsiku ndi nthawi, ndipo adziwitse ahedi kapena woona za chitetezo cha ana tsiku lomwelo. Asaitanitse munthu amene watchulidwayo kuti adzafunsidwe kusukulu. M'Malawi nkhani yotere imapita ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu, ku Victim Support Unit ya apolisi, kapena ku One Stop Centre ya kuchipatala, ndipo nambala yaulere ya ana ndi 116. Ngati ndi kugwiriridwa, mwana afike kuchipatala maola 72 asanathe, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP sayambidwa nthawi imeneyo ikadutsa.